Ndani Alume Nandolo Chaka Chino

Lolemba, 18 Ogasiti 2025

Pepani inu amene mwatola kopeli, ngati latayika. Ndakuvutitsani chabe, mulibe za nzeru muno. Ndi za m'kamwa mwanga basi. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, ndiye musaseke kalembedwe. Dzina lili pachikuto: Nester Kalinde, ku Ndunde. Mubweze chonde.

Mutu wadzaza. Ndikaika papepala umapepukako.

Mano otafunira a kumanja, awiri, anachotsa mu Juni ku chipatala cha Nguludi. Ndinaluma kamwala kobisala m'nandolo wa mbewu. A kumanzere, atatu, anapita kalekale ndikubereka. Otsala ndi a kutsogolo. Kudya ngati mbewa.

Koma vuto si kudya. Vuto ndi kalabu.

Kalabu yathu ya Talandira, anthu 23. Timasonkhanitsa nandolo n'kugulitsa pamodzi kwa wogula mmodzi wa ku Limbe. Iye amabwera ndi makina oyezera chinyontho. Akapeza thumba limodzi lauwisi amatsitsa mtengo wa katundu yense. Zinatichitikira mu 2010, tinalira. Kuyambira pomwepo, lole isanabwere, ine ndimaluma. Thumba lililonse njere zitatu: pamwamba, pakati, pansi. Wouma amati tha, liwu lalitali loyera. Wauwisi amangophwanyika chete. Ndiye pali wachinyengo uja, kunja wauma mtima wake ayi. Amalira ndithu, koma mwachidule. Ameneyo ndimamudziwa ndi ine ndekha. Zaka 14, wogula sanabwezepo thumba.

Chaka chino ndilume ndi chiyani?

Mawa ku Limbe. Mwana wanga Elsie wandipezera dokotala wa mano. Chitenje ndasita kawiri. Buku la chipatala lili m'chikwama, ndalionanso, lilimo.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Ndabwerako. Minibasi yodzaza, nkhuku ya munthu pamwendo panga mpaka ku Limbe. Elsie anandichingamira atavala za kuntchito, amagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Wanenepako. Ine akuti ndawonda.

Adokotala ake mtsikana, msinkhu wa Elsie yemweyo. Manja ozizira, mawu ofatsa. Mpando wogoneka munthu chagada, ndinagwira chitenje pamaondo nthawi yonse. Anandijambula nsagwada. Ndaona chigaza changa ndili moyo. Sichoipa kwenikweni.

Njira akuti ndi ziwiri.

Mano ovala. Amadinda m'kamwa ndi phala lina louma msanga, masabata awiri mano atheka. Kuvala m'mawa, kuvula pogona, kutsuka, kuika m'kapu ya madzi.

Mano okhomera. Amaboola fupa la nsagwada, kulowetsa kachitsulo konga sikuluwu, kudikira miyezi inayi kapena isanu kuti fupa ligwire chitsulocho, kenako dzino pamwamba. Silichokanso. 

Mtengo analemba pakapepala. Lokhomera limodzi ndi ng'ombe ya mkaka. Ovala onse asanu, mbuzi zitatu mwina zinayi. Elsie anapinda kapepalako msanga. "Amayi, za ndalama si zanu. Tikhomera awiri a kumanja."

Ndinafunsa funso langa: nanga nandolo wouma ndingalume? Adokotala anayamba afunsa ngati ndikunena wophika. Nditafotokoza anaseka mpaka kuvula magalasi. "Ovala angathyoke tsiku lomwelo, mayi. Okhomera ndi olimba, komabe sindingakulangizeni kuti muzilumira zimenezo."

Ine ndamva poti olimba.

Yankho likufunika pofika Lachisanu, 12 Seputembala. Dokotala wokhomerayo amabwera kamodzi pamwezi, amafuna mayina msanga.

Amuna anga, a Silvesta Kalinde, nditawafotokozera anangoti, "Sikuluwu ndili nazo m'chitini, mukanandiuza." Sindinaseke. Ndaseka pano polemba.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Ku msika wa Milepa pa kabaza, kukaona Nasima. Mnzanga wa ku sitandade wani, amagulitsa zitenje. Ali ndi ovala, chaka chachisanu ndi chimodzi. Ndinkadziwa koma ndinali ndisanawaonepo ali kunja.

Anandikokera kuseri kwa zitenje, kudziphimba ndi mpango, n'kuwatulutsa. Anandipatsa m'manja. Opepuka ngati chigoba cha nkhono. Ofunda. Ndinachita manyazi ngati ndamuona akusamba.

"Awa ndi ana aulemu, achemwali. Sawawa, sabooka, akandikwiyitsa ndimawatsekera m'kapu."

Akuti amuna awo a Kassim amanena kuti ali pa mitala: masana ali ndi mtsikana, pogona ali ndi agogo.

Zoipa zake sanabise. Mwezi woyamba kulankhula ngati uli ndi mbatata yotentha m'kamwa. Nzimbe ayi. Ndipo pa ukwati wa mphwake, ali pakati pa nthungululu, a m'mwamba ananyamuka n'kukatera m'lichero la mpunga. Masiku ano amalulutira chala chili pamlomo. Tinaseka mpaka wogula wina anachoka osagula.

Ndinatulutsa njere ya nandolo m'chikwama, ndikuti tayesani. Anabweza dzanja langa. "Mukufuna mundiphere ana?"

Ndiye ndi choncho. Ovala: kuseka bwino, kudya bwino, kuluma ayi mpaka kalekale.

Wandipatsa chitenje cha masamba obiriwira pa mtengo wa chibale. Sindinafune chitenje. Ndagula.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Potuluka m'tchalitchi aliyense ndi dokotala. Nkhani yafika bwanji sindikudziwa. Ndikuganizira a Kalinde.

Wina akuti chitsulo m'kamwa chimaitana mphezi. Wina akuti azakhali ake ku Joni anawakhomera, pano amamva wailesi m'mutu. Wina akuti ndingotafuna muzu wakutiwakuti, amera ena. Zaka 53, amera ena.

Komabe za mphezi zandikhala pamtima. Kumunda kwathu n'pamtetete. Ndalembera Elsie uthenga kuti afunse adokotala:

Mphezi.
Kodi chitsulocho sichichita dzimbiri ndi mchere?
Bipi yanga.
Pobowola munthu amakhala ali maso?
Ndikadzafa adzazula, kapena ndipita nacho?

Wayankha madzulo. Mphezi ayi. Dzimbiri ayi. Bipi ayeza kaye. Ndimakhala maso koma sindimva kuwawa. Lomaliza lija akuti sanafunse, ndipo ndisiye.

Kukhala maso wina akukuboola mutu. Ndayesa kuganiza za zina. Mbuzi yaikazi ili pafupi kuswa.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Msonkhano wa kalabu. Tsiku loipa.

Wapampando wathu, mayi Esnart, anaika nkhani poyera: kuyeza matumba ndi Loweruka pa 6, lole ibwera pa 9, aluma ndani? Onse maso kwa ine, kenako pansi.

Iwo anati ayesa okha. Mano ali nawo, akuluakulu, oyera, onse 32 ndikukhulupirira. Panali matumba anayi obwera kale. Analuma lino, "wauma." Linalo, "wauma." Onse anayi wauma. Akanaluma nthochi akanatinso yauma.

Thumba lachitatu ndinalikayikira. Ndinapisa dzanja, pansi pake pozizirira. Ndinatenga njere, kuika kumanja mwa chizolowezi. Inangogubuduka pa usinini. Ndinayesa ndi a kutsogolo, ululu mpaka m'diso. Ndinalavulira m'manja. Palibe anaseka, ndipo bola akanaseka.

"Musadandaule amake Elsie, mwatumikira. Muzitithandiza kusoka matumba." Mayi Esnart ananena mwachifundo. Chifundocho ndiye chinandibaya.

Kusoka matumba. Ine.

Ndasankha: okhomera. Chaka chino chapita, koma chamawa ndibwerera pamalo panga. Aboole. Ndidzatsinzina.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Mbuzi yaswa awiri, onse aakazi.

Ndinaimbira Elsie kuti ndimuuze zomwe ndasankha. Ndisananene ndinafunsa za sukulu ya unamwino imene wakhala akusungira ndalama, ngati akuyambadi Januwale. Anati, "Ndasuntha pang'ono amayi, chaka chinacho. Palibe changu."

Palibe changu. Mwana amene wakhala akuwerenga miyezi chiyambire chaka chatha.

Ng'ombe ziwiri zija ndadziwa kumene zikuchokera.

Sindinamuuze kanthu za kusankha. Ndinati mayunitsi atha. Anali asanathe.

Ndasesa pabwalo kachiwiri popanda chifukwa.

Lachiwiri, 2 Seputembala

Masiku anayi osalemba. Panalibe cholemba, maganizo omwewo kuzungulira ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Koma lero.

Masana tinali pamkeka ndi a Kalinde, kupeta nandolo wathu. Iwo ntchito yawo yaikulu kukamba za mpira. Anatola njere n'kuponya m'kamwa, kungosewera. Inalira. Ine osayang'ana n'komwe ndinati, ameneyo ngwa dzulo, sanaume. Anadabwa. Analidi wa mulu wa dzulo.

Ndinasiya lichero.

Ndinati lumaninso. Analuma. Ndili pataliko ndimamva, koma wachinyengo uja sindimusiyanitsa bwino. Ndinasendera. Ndinasenderanso. Mapeto ake khutu langa pa tsaya lawo, pamene pathera nsagwada. Analuma. Tha. Ndinamva ngati ndaluma ndine, liwu lonse mpaka kumchira kwake.

Zaka zonsezi ndinkati nzeru ili m'dzino. Ili m'khutu. Dzino linali wantchito chabe.

"Amake Elsie, masana ano? Anthu akudutsa." Koma sanasunthe.

Sindikhulupirira chinthu kamodzi. Ndinatenga mbale zitatu: wouma wa sabata yatha, wa dzulo, ndi wina ndinamuwaza madzi m'mawa n'kumuyanika pang'ono kuti akhale wachinyengo. Ndinadzimanga chitenje m'maso. Iwo azisankha okha mbale, aziluma, ine ndizinena. Njere 30. Ndalondola 28. Ziwirizo ndi pamene anayamba kuseka njere ili m'kamwa.

Ndevu zawo zimabaya. Ndawauza amete lisanafike Loweruka.

Ndaphika tiyi wa mkaka ngati kwabwera alendo.

Lachinayi, 4 Seputembala

Tayesanso, 30 pa 30. Malamulo ndawapatsa a Kalinde: osalankhula, osaseka, kuluma kamodzi ndi dzino lomwelo la kumanzere, kulavula, kutsuka m'kamwa pakatha matumba asanu.

Akuti, "Nanga malipiro anga?" Ndati ulemu. Akuti ulemu sathira m'tiyi.

Nkhawa tsopano ndi anthu. Munthu wamkulu, wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, kukanamira tsaya la mwamuna pagulu. Chikwatiranireni sitinagwiranepo ngakhale dzanja panjira. Ndinaganiza zophimba mitu yathu ndi chitenje. A Kalinde akuti pamenepo ndiye anthu aganiza zoposa.

Mayi Esnart ndawauza kuti ndili ndi njira, andipatse matumba asanu oyamba. Anandiyang'ana m'kamwa. "Mwaikitsa kale?" Ndati mudzaona.

Loweruka, 6 Seputembala

Ndatopa koma ndilembe zisanathawe.

Matumba 41 pakhonde la mayi Esnart. A Kalinde anabwera atameta, atavala jekete la ku ukwati. Jekete, kudzaluma nandolo. Anakhala pa mpando ngati akujambulitsa. Ine ndinapisa dzanja m'thumba loyamba, kuwapatsa njere, kugwada, khutu pa tsaya.

Kenako wina kumbuyo anayamba nthungululu, basi pabwalo ponse phokoso. "Ukwati wachiwiri uwu, ankhoswe ali kuti?" Wina akuti nayenso akufuna amvereko, a Kalinde n'kuyankha kuti tsayali lili ndi mwini wake. Nkhope yanga moto. Ndinaimirira n'kunena kuti amene akufuna mtengo wabwino atseke pakamwa, sindikumva. Anatseka. Sindinadziwe kuti ndili ndi mawu otere.

Tinayamba. Pamwamba, pakati, pansi. Pamwamba, pakati, pansi.

Thumba la 17, njere ya pansi, liwu lalifupi. Ndinati abwereze. Lalifupi. La 18 chimodzimodzi. Ndinafunsa kuti ndi a ndani. A wapampando.

Ndinanena ndithu kuti sanaume. Mayi Esnart anatenga njere, kuluma okha, "wauma uyu." Ndinapempha mpeni, kudula njere ina pakati, kukanikiza mtima wake ndi chikhadabo. Chinalowa. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka, n'kuuza ana awo akhuthule matumba awiriwo padzuwa. "Mano ndili nawo, makutu ndinabwereka kwa mphika."

Onse pamodzi asanu obwezedwa kukayanika. Limodzi la ife eni ake, la 33. A Kalinde anandinong'oneza kuti ndilikhululukire. Ayi.

Njere 123, kuphatikiza zobwereza 140 ndi kanthu. Pobwerera ananyamula jekete paphewa, akuyenda ngati agoletsa chigoli. Aliyense wokumana naye, "Mwamva?"

Lachiwiri, 9 Seputembala

Lole yabwera 10 koloko. Wogula ndi makina ake, kubaya thumba lililonse. Ine chilili pambali. Pa 17 ndinatseka maso.

Onse 41 alowa. Mtengo wathunthu.

Wogula anafunsa ngati tagula makina athu. Mayi Esnart anatiloza awirife. "Ndi awo, amayendera tiyi."

Mlembi walemba m'buku la kalabu: woluma, bambo Kalinde, womva, mayi Kalinde. Ndinapempha ndione ndi maso anga. Zalembedwadi. Gawo lachiwiri tiyeza Loweruka pa 20, matumba akhala ochuluka kuposa awa.

Ndiye za mano zatha zokha. Ovala. Ndikufuna kutafuna chinangwa chophika ndi nyama ya Khirisimasi, basi. Fupa langa likhale losaboola, mwana apite kusukulu Januwale. Kapu yoikamo ndasankha kale, ya maluwa ija alendo saigwiritsa. Ndituma uthenga kwa Nasima kuti mitala yafika kwathunso.

Chatsala n'kuuza Elsie. Adzakana. Amafuna kundipatsa chinthu chachikulu, ndikumudziwa. Pa foni amandiposa mawu. Ndiganiza mawa.

Ndagula nyama ya mbuzi hafu kilo, yosangalalira. Yanga ndaidula tingʼonotingʼono.

Lachitatu, 10 Seputembala

Nyama ija a Kalinde dzulo anadya mbali imodzi. Ndinaona koma ndinati mwina ndi ine wa nkhawa.

M'mawa uno tiyi akumwa atapendeketsa mutu. Ndinawawotchera chimanga, chimene sakana chibadwire. Akuti akhuta. Ndinati tsegulani pakamwa. Akuti munthu wamkulu sayasamulitsidwa ngati mbuzi ya pamsika. Ndinaima pomwepo mpaka anatsegula. Ndinawatembenuzira kudzuwa.

Dzino lathu lija, la kumanzere. Kamzere kakang'ono kuchokera pamwamba kutsika. Ndinagogoda ndi supuni, analumpha.

Layamba liti? Loweruka, cha pa thumba la 30. Ndiye osanena? "Munali mukusangalala, amake Elsie. Chichokereni mano anu ndinali ndisanakuoneni choncho."

Ndinatuluka kukayang'ana mbuzi. Mbuzi zinalibe vuto.

Zoti alumenso pa 20 ndakana. Iwo akuti kumanja kulinso mano, asintha mbali ngati wa kabaza wotopa mwendo. Ine ndati palibe njere ilowe m'kamwamo asanaone adokotala. Takangana pang'ono, mokoma. Kalabu ili ndi amuna asanu ndi mmodzi a mano abwino, angasinthane matumba khumikhumi. A Kalinde akuti khutu langa likapita pa tsaya la mwamuna wina iwo asamuka m'mudzi muno. Ndiye akazi, ndati. Mayi Esnart ali nawo 32 ongokhala. Pamenepo avomera, koma akuti thumba loyamba ndi lomaliza ndi lawo, dokotala akalola.

Kopeli ndikulipereka kwa kondakitala wa minibasi ya mawa m'mawa, akampatse Elsie.

Elsie mwanawe, pa foni sindikanatha, ndiye werenga zonse kuyambira poyamba, usadumphe. Za sitolo yako ndi kunenepa usakwiye. Okhomera sindikuwafuna, si chifukwa cha mantha okha. Uwauze adokotala alembe ovala, asanu. Ndalama ya sukulu usaikhudze, ndikadzamva kuti wasunthanso ndidzabwera konko ndekha. Chimene ndikupempha ndi ichi: tsiku lodzadinda m'kamwa mwanga, adzaonenso dzino la abambo ako, ngati lingamatidwe lisanafike pochotsa. Adzakana kukwera mpando uja, ndiye usawauze, tidzangoti akundiperekeza. Undiyankhe lisanafike Lachisanu pa 12, ngakhale ka uthenga ka mawu awiri, kuti ndidziwe ngati ndiwachapire jekete.